mkpath kapena makedirs: iti yodalirika popanga mafoda?

Anzanga amene timalemba nawo Python kuno ku Lusaka, ena mukugwirabe mapulogalamu akale odalira mkpath, lamulo lopangira mafoda la mu distutils, laibulale yakale ya Python. Chenjerani nayo. Imasunga mayina a mafoda onse amene yapanga, ndipo mukaituma kachiwiri siipanganso foda imene ili pa mndandanda umenewo, ngakhale itasowa pa disiki. Foda ikafufutidwa pakatipo, pulogalamu isanatseke, copy_tree, lamulo la distutils lokopera mafoda lomwe limadalira mkpath, imangokhulupirira kuti fodayo ilipobe, kenako n'kulephera kukopera mafayilo. Munthu umasakasaka cholakwa m'khodi yako pamene mulibe, ndipo zimandiwawa kuona ongoyamba kumene akudziimba mlandu. Chimene umapindula n'kufulumira pang'ono chabe.

os.makedirs yokhala ndi exist_ok=True (kuti isadandaule foda ikakhalapo kale) sisunga kanthu. Nthawi iliyonse imafunsa disiki, foda ikasowa imaipanganso. Ine ndimasankha imeneyi, makamaka poti distutils anaichotsa mu Python 3.12 m'chaka cha 2023.