Chisipanishi pambali pa digiri ya sociology: patha miyezi 14

Mnzanga wa ku Monkey Bay wandifunsa ngati mwana wake, amene akuyamba sociology (maphunziro a kakhalidwe ka anthu m'magulu), alembetsenso Chisipanishi cha pa intaneti. Sukulu yomwe akuifunayo ine mwini ndaphunzirako miyezi 14.

Zabwino zilipo. Mavawelo ndi asanu, a e i o u, omveka ngati athu, ndiye kuwerenga mokweza mumakugwira sabata yoyamba. Maphunziro ojambulidwa mumawakopera pa foni, n'kumamvera ngakhale magetsi atazima.

Chondipweteka mpaka lero ndi l ndi r. Ife timazisakaniza ndipo Chichewa sichitiimba mlandu, koma uko pelo ndi tsitsi, pero ndi "koma", perro ndi galu. Pa l nsonga ya lilime imakhazikika kuseri kwa mano am'mwamba, mpweya n'kudutsa m'mbali. Pa r imagunda kamodzi. Pa rr imanjenjemera. Pulogalamu yawo yomvetsera katchulidwe imangoonetsa chofiira, osakuuzani pomwe lilime laphonya. Zimenezi amakonza ndi mphunzitsi weniweni, ndipo kalasi yake mumalipira padera. Aphunzitsi ambiri ali ku Colombia, komwe nthawi ili m'mbuyo ndi maola 7. Kalasi yawo yamadzulo imakupezani pakati pa usiku, netiweki ikudukaduka, r yomwe mukuisakayo osamveka n'komwe.

Nanga sociology ipindula chiyani? Kafukufuku wa ku Namwera kapena ku Makanjira amafuna Chiyao. Mayi wowamba usipa sakuuzani za ngongole zake m'chilankhulo cha ku Madrid. Mukadutsa pa Chiponde kulowa Mozambique mupeza Chipwitikizi, ngakhale kunena zoona Chisipanishi chimathandiza kwambiri powerenga zikalata zakumeneko. Apo ndinakondwera.

Ndalama ndiye zimandikwiyitsa. Amalandira madola, ndipo tonse tikukumbukira Novembala 2023 pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti: mtengo wawo sumasintha, koma thumba lanu limaphwa. Chaka chitatha anadula okha pa khadi ndalama za chaka china osachenjeza. Makalata atatu, yankho n'lakuti sabweza, angondipatsa makalasi awiri aulere. Satifiketi yawonso si DELE, satifiketi ya Chisipanishi ya bungwe la ku Spain la Instituto Cervantes, yomwe imadziwika kunja. Mayeso amenewo ndi bilu ina.

Achimwene, mwanayo alipire miyezi itatu yokha, azimitse tsiku lomwelo batani lodzidulira ndalama. Zotsalazo mupezereni mphunzitsi wa Chiyao konkuno ku boma.