Ulendo wa pa boti wokaona anamgumi a orca ku Victoria: nyenyezi 4 pa 5

Tinakwera boti la kampani ina yaing'ono padoko la mzinda wa Victoria ku Canada, ine, mkazi wanga ndi mwana wathu wa zaka 11. Ulendo unali wa maola atatu, mtengo wake unali wopitirira madola 100 pa munthu. Ndi ndalama ndithu, koma sindikudandaula.

Amakupatsani suti yochindikala yovala pamwamba pa zovala zanu. Musaikane. Dzuwa linali phwee, koma boti litangothamanga mphepo inatilowa mpaka m'mafupa. Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa mipando ya kumbuyo imanyowa, ndipo sanatichenjeze.

Ola lathunthu tinangoona madzi. Kenako woyendetsa anazimitsa injini, kunangoti zii. Choyamba kumva chinali mpweya, phuu, ngati munthu wotopa akupuma. Kenako zipsepse zisanu zakuda zinatumphuka: mayi ndi ana ake. Mwana wamwamuna wamkulu chipsepse chake chinaima chilili, kutalika ngati munthu. Boti linakhala patali mamita osachepera 200 monga mwa lamulo, ndipo palibe anawaponyera nsomba kapena kuwaimbira wenzulo. Anadutsa pa ulendo wawo, osatilabadira n'komwe.

Chipsepsecho ndi chimene chinandibaya mtima. Zaka zapitazo ndinalipira tikiti pa paki ina yoonetsa anamgumi m'dziwe la simenti, ndipo ndinaomba nawo m'manja akudumpha. Wamwamuna wa kumeneko chipsepse chake chinali chopindika, chogwera mbali imodzi. Ine ndinkayesa ndi mmene analengedwera.

Mayi wotitsogolera, yemwe amazidziwa nyamazi imodziimodzi poona mabanga a pamsana, anatilozera ku Oak Bay, dera loyandikana ndi Victoria, kumene kunali paki yoonetsa anamgumi yotchedwa Sealand of the Pacific. Kumeneko ndi komwe ankasungira namgumi wamwamuna wotchedwa Tilikum, amene anagwidwa ku Iceland mu 1983 ali ndi zaka ziwiri zokha. Usiku ankamutsekera m'kachipinda kachitsulo pamodzi ndi zazikazi ziwiri zimene zinkamuluma. Mu 1991 mtsikana wogwira ntchito pamalopo anagwera m'dziwe, anamgumiwo n'kumumiza. Tilikum anamusamutsira ku paki ina ya ku America, SeaWorld Orlando, kumene mu 2010 anapha mphunzitsi wake Dawn Brancheau. Anafera m'dziwe mu 2017. Nyama imene kunyanja imatha kuyenda makilomita oposa 100 pa tsiku, ndipo kawirikawiri mwana wamwamuna sasiyana ndi mayi ake moyo wonse, inakhala zaka zoposa 30 ikuzungulira m'dziwe kuti ife tiseke. Canada inaletsa kugwira ndi kubereketsa anamgumi m'maiwe mu 2019, ndipo ine ndikuti inachedwa.

Ena amati popanda mapaki ana sangazione nyamazi. Zoona, ulendo ngati wathuwu si aliyense angaukwanitse, komanso kampani imanena poyera kuti tsiku lina mutha kubwerako chimanjamanja. Koma mwana wanga, amene anaziona patali kwa mphindi 40 zokha, anafika kunyumba akufotokoza za banja lija, mayi ndi uti, wamng'ono ndi uti. Ine pa paki paja ndinangobwerako ndi malaya onyowa.

Tengani jekete, chipewa chomanga ndi mankhwala a nseru, ndipo khalani mipando ya kutsogolo.