SCHED_DEADLINE ya Linux, ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5

Ndili ndi kapulogalamu kowerenga masensa n'kuyendetsa mota pa kakompyuta kakang'ono ka Raspberry Pi 4, kamayenera kudzuka pakatha ma millisecond 10 aliwonse osaphonya. Poyamba ndinakaika pa SCHED_FIFO, njira ya Linux yogawira mapulogalamu nthawi ya purosesa imene pulogalamu ya priority yaikulu imayenda mpaka itasiya yokha, ndiye tsiku lina loop inangozungulira osatuluka, kulakwitsa kwanga ndithu, n'kumeza core yonse ya purosesa moti zina zonse za pa core imeneyo zimapumira ka 5 peresenti kaja kamene kernel (phata la Linux) imasiya, paja sched_rt_runtime_us imabwera ili pa 950000 mwa 1000000.

Basi ndinasamukira ku SCHED_DEADLINE, njira inanso yogawira nthawi ya purosesa, yomwe ili mu kernel kuyambira 3.14 mu 2014 koma ine ndimangoidutsa. Kuno kulibe zoti wamkulu ndani, umangotchula manambala atatu, runtime (nthawi ya purosesa yomwe ukufuna), deadline (nthawi yomwe ntchito iyenera kukhala itatha) ndi period (nthawi yomwe imadutsa ntchito isanabwerezedwe). Ine ndinapempha 2 ms pa 10 ms iliyonse, kakadya 2 ms yakeyo kernel imakakhazika pansi mpaka period ina ifike olo kalire bwanji, ndipo ma task akachuluka amene deadline yake yayandikira ndiye amayamba. Loop ija ndinaibwezeramo dala kuti ndione, makina osagwedezeka n'komwe, kulowa m'makinawo ndili patali kudzera pa SSH kumatheka bwinobwino. Apa ndiye inandigwira mtima abale.

China, ukapempha nthawi yoposa yomwe purosesa ingakwanitse kernel imakukanira pompo ndi error ya EBUSY, osati kuvomera kenako n'kudzakuchititsa manyazi mota ili mkati moyenda.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha izi. Manambala pa chrt, command yoikira task pa SCHED_DEADLINE, ndi a nanosecond, ndinasiya ziro m'modzi n'kutha madzulo onse ndikufufuza chomwe task ikudukiradukira. taskset, command yosankhira core yomwe task iyendepo, kuno iwalani, kuti task ikhale pa core imodzi mpaka upange cpuset (gulu la ma core opatulidwa) yakeyake, chintchito chotopetsa. Komanso task ya deadline siingapange fork (kubala process ina), imabweza error ya EAGAIN pokhapokha uyike reset-on-fork kuti process yatsopanoyo isakhale ya deadline.

Ndipo runtime uyeze wekha, palibe angakuuze. Ukaika yochepa ntchito imadulidwa pakati, ukaika yambiri ukuwononga malo a ena. SCHED_FLAG_RECLAIM, yomwe inabwera mu 4.13, imathandizako poti imalola task kudya nthawi yomwe anzake asiya, koma musaidalire kwambiri. Amene ntchito yanu imabwera mwa apo ndi apo yopanda period yodziwika, khalani kaye pa FIFO.