Loctite 545 pa mazinga a hydraulic: amagwira, koma osati paliponse

Loctite 545 ndi mankhwala amadzimadzi a mtundu wa pepo, opangidwa ndi kampani ya Henkel, otsekera mipata ya mazinga pomwe mapaipi a hydraulic (onyamula oyilo wa puresha woyendetsa makina) alumikizana. Pa mpweya sauma. Amauma akapanikizika pakati pa zitsulo ziwiri pomwe mpweya sufika, n'chifukwa chake botolo lake limabwera losadzaza. Sikuti akuberani ayi, mpweya wa m'botolomo ndi umene umawasunga.

Chimene timawakondera poyerekeza ndi tepi yoyera ya PTFE n'chakuti alibe tizidutswa. Tepi imanyenyeka mukamamanga, makamaka mukamasula n'kumanganso, ndipo kachidutswa kamodzi kakalowa m'oyilo kamakatseka kabowo ka mu valavu. Mawa lake mkono wa katapila wayamba kunjenjemera, makaniko n'kumakayikira pampu yosalakwa. Mankhwalawa akatsalira mkati amangosakanikirana ndi oyilo.

Koma musanatsegule botolo, dziwani kaye mtundu wa cholumikizira chimene chikudontha. Apa ndi pamene ambiri amatayira mankhwala pachabe. 545 ndi wa mazinga osongoka, a NPT ndi BSPT, omwe amanka nathina mukamamanga, chifukwa pamenepo otseka oyilo ndi mazinga enieniwo. Pa katapila, gireda kapena loda zolumikizira zambiri sizili choncho. Mtundu wotchedwa JIC umatseka pa mlomo wopendekeka wa madigiri 37, pomwe wa pa makina a Komatsu ndi wa madigiri 30. ORFS ili ndi O-ring (kamkombero ka labala) kumaso kwake, ORB ili nayo patsinde, ndipo BSPP ikalowa m'bowo imadalira washa wa chitsulo wokhala ndi labala mkati. Pa zonsezi mazinga amangokoka basi. Ikadontha JIC ndiye kuti mlomo wakalika kapena wang'aluka, ndipo ngakhale mutathira botolo lonse pa mazinga, oyilo atulukira kumbuyo kwa nati. Sinthani cholumikiziracho, kapena O-ring ngati ndi ORFS, ndipo ikhale yolimba ya 90 durometer (muyeso wa kulimba kwa labala).

Msampha wina ndi NPT ndi BSPT za theka la inchi. Zonse zili ndi mazinga 14 pa inchi, kotero zimalowana bwinobwino ngati zapachibale, koma mano a NPT ndi a madigiri 60 pomwe a BSPT ndi 55. Mankhwala akhoza kubisa vutolo masiku angapo, koma pa makina a puresha yofika 300 bar sitingakulangizeni kudalira zimenezo.

Kapakidwe kake nkosavuta, chovuta ndi ukhondo. Tsitsani bakete ya katapila pansi, zimitsani injini, gwedezani ma lever kuti puresha yotsalira ithe, ndipo masulani chivindikiro cha thanki pang'onopang'ono. Pofufuza podontha gwiritsani katoni, osati chala, chifukwa oyilo wotuluka pa kabowo kakang'ono amabowola khungu, ndipo bala lakelo ndi la opaleshoni tsiku lomwelo. Mukamasula, chotsani tepi yakale ndi burashi ya waya, tsukani mbali zonse ziwiri ndi Loctite 7063 kapena mankhwala otsukira mabuleki, zisiyeni ziume. Siyani zinga loyamba kapena awiri akumapeto osapaka, kenako zunguzani mankhwala pa mazinga atatu kapena anayi otsatira a mbali yolowa. Mangani ndi dzanja mpaka pathine, muwonjezere ndi sipanala maulendo awiri kapena atatu. Osapitirira. Mazinga osongoka akathinitsidwa kwambiri amang'amba bowo la valavu ya chitsulo chosungunula, ndipo mng'aluwo palibe mankhwala outseka. Ngati ndi cholumikizira chopindika ngati chigongono choti chiloze mbali ina yake, chilozetseni nthawi yomweyo mukumanga, osachibwezanso m'mbuyo mankhwala atayamba kugwira.

Chodandaulitsa chake chachikulu ndi nthawi. Kuti aume kotheratu pamafunika maola 24, ndipo makina oti akudikiridwa pa ntchito sapatsidwa maola amenewo. Pa chitsulo wamba ndi brass amagwira msanga, koma pa stainless ndi zolumikizira zokutidwa ndi zinc, zomwe ndi zambiri pa hydraulic, amachedwa, kukazizira ndiye amachedweratu. Kupopera Loctite 7649 musanapake kumafulumizitsa, tsono ndi botolo lachiwiri loti mugule. China, pa bowo limene oyilo akungotsikirabe kuchokera mu silinda, kuumitsa mazinga nkovuta, ndipo mankhwala opakidwa pa oyilo sagwira bwino. Tsekani kaye paipiyo ndi pulagi, pukutani, kenako pakani.

Kutentha mankhwalawa amapirira mpaka pafupifupi 150°C, kuposa pamene oyilo wa hydraulic amafika, ndipo tsiku lomasula sipanala wamba imakwanira popanda moto. Pa mazinga a pulasitiki musawayandikitse, ena amang'aluka nawo.