Power Query ya mu Excel: yabwino, koma chenjerani ndi Changed Type

Ndikuyipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Power Query, chida cholowetsera ndi kukonzera deta, imabwera kale mu Excel kuyambira ya 2016, pansi pa Data, ndiye palibe china chogula. Mphamvu yake imaonekera pa matebulo opingasa aja: kolamu ya katundu, kenako Januwale mpaka Disembala, mwezi uliwonse kolamu yakeyake. PivotTable, chida cha Excel chophatikizira manambala mwachidule, imagwira bwino deta yomweyo ikakhala tebulo lalitali la makolamu atatu: katundu, mwezi ndi kuchuluka kwake.

Kachitidwe kake nkosavuta. Mukalowetsa fayilo kudzera pa Get Data, dinani Transform Data. Chotsani mizere ya mutu wa lipoti ndi Remove Top Rows, kenako Use First Row as Headers. Ngati munali maselo ophatikiza, pansi pa mzere woyamba pamabwera null, kutanthauza selo yopanda kanthu, ndipo Fill Down imadzazamo. Mukatero sankhani kolamu ya katundu nkudina Unpivot Other Columns. Mitundu 50 ya katundu pa miyezi 12 imatuluka mizere 600. Musasankhe Unpivot Only Selected Columns, chifukwa kolamu yatsopano ikadzabwera m'fayilo idzasiyidwa panja.

Koma mizere 600 ija mwina siikwana. Unpivot imataya selo iliyonse ya null mwakachetechete, osachenjeza. Ngati mwezi umene simunagulitse kanthu uyenera kuoneka, yambani mwasintha null kukhala 0 ndi Replace Values.

Nyenyezi yachisanu yathera pa sitepe ya Changed Type, yomwe imadziika yokha nkusankha mtundu wa deta wa kolamu iliyonse. Pa fayilo ya CSV imangoyang'ana mizere 200 yoyamba nkuganiza kuti yadziwa zonse. Nambala za foni zoyamba ndi 0 imaziyesa manambala owerengera, 0 uja nkuzimiririka. Pozibwezera ku Text sankhani Replace current. Mukasankha Add new step, 0 sabwerera. Madeti nawo: kompyuta ikakhala pa kalembedwe ka ku America, 03/04/2024 imasanduka 4 Malichi m'malo mwa 3 Epulo, pomwe 25/04/2024 imapereka Error. Bola Error yo mumaiona, deti lotembenukalo limangodutsa. Konzani ndi Using Locale, musankhe English ya United Kingdom.

Choipitsitsa nchakuti sitepeyi imasunga mayina a makolamu momwe analili. Wina akangolemba "katundu" pomwe panali "Katundu", Refresh imakana kuti kolamuyo siikupezeka, poti M, chilankhulo cha Power Query, chimasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. Fufutani Changed Type pa mndandanda wa masitepe wa Applied Steps, mudzaike mitundu ya deta nokha Unpivot itatha, makolamu atatsala atatu, koma dzina la kolamu ya katundu lisasinthebe, poti Unpivot nayonso imalisunga.

Ctrl+Z sigwira pa masitepe, ndiye mukafufuta sitepe yapita basi. Komanso Column quality, yomwe imaonetsa ngati mu kolamu muli Error, imangoyeza mizere 1,000 yoyamba. Dinani mawu ali pansi pa windo kuti iyeze tebulo lonse musanakhulupirire kuti mulibe Error.