Ndemanga: F-105 Thunderchief m'nyumba yosungiramo ndege zankhondo ku Dayton

Munthu amene akufuna kumvetsa bwino ndege yankhondo yotchedwa F-105 Thunderchief ayenera kukaiona ndi maso ake ku National Museum of the United States Air Force, pafupi ndi mzinda wa Dayton m'chigawo cha Ohio ku America. Polowa salipiritsa, ndipo malowo ndi aakulu kwambiri moti tsiku limodzi silikwanira kuona zonse zimene zili m'nyumba zake zinayi. Ine ndinathera nthawi yanga yochuluka m'gawo la nkhondo ya kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, kumene kuli ndege ziwiri za mtundu umenewu: F-105D ya munthu mmodzi ndi F-105G ya anthu awiri.

Chinthu choyamba chimene chithunzi sichingakuuzeni ndi kukula kwake. Ndegeyi ndi yaitali pafupifupi mamita 20, miyendo yake ndi yaitali moti woiyendetsa ankakwera makwerero aatali kuti afike pampando wake, ndipo ikadzaza mafuta ndi mabomba inkalemera matani oposa 23. Kulemera konseku kunkakankhidwa ndi injini imodzi yokha, ya Pratt & Whitney J75, ndipo m'mwamba ndegeyi inkathamanga makilomita oposa 2,200 pa ola, kuwirikiza kawiri liwiro limene phokoso limayendera. Kampani ya Republic Aviation ndi imene inaipanga motsogozedwa ndi Alexander Kartveli, katswiri wobadwira m'dziko la Georgia, ndipo pa ulendo wake woyamba pa 22 October 1955 ndegeyi inapitirira kale liwiro la phokoso. Gulu lankhondo la m'mlengalenga la America linayamba kuigwiritsa ntchito mu 1958.

Chimene ndinayamikira kwambiri n'chakuti mlendo amatha kuima pafupi ndi ndegeyi n'kuwerenga cholinga cha amene anaipanga pathupi lake lenilenilo. Mapiko ake ndi aang'ono poyerekeza ndi kulemera kwake, thupi lake n'lopanikizika m'chiuno pamene mapiko alumikizira pofuna kuchepetsa kukana kwa mphepo ikamayandikira liwiro la phokoso, ndipo makomo olowetsa mpweya ku injini ali pamizu ya mapiko, milomo yake itasongokera kutsogolo. Kumchira kuli zitsulo zinayi zozungulira potulukira moto, zimene zinkatambasuka ngati duwa woyendetsa akafuna kuchepetsa liwiro. Kumimba kwake kuli chipinda chonyamuliramo bomba limodzi la nyukiliya. Zonsezi zikunena chinthu chimodzi: ndegeyi inapangidwa kuti iuluke motsika kwambiri, molunjika ndiponso mothamanga, ikaponye bomba limodzi pa nkhondo imene inkaopedwa pakati pa America ndi Soviet Union, kenako ithawe. Mapiko aang'ono amathandiza kuti ndege isagwedezeke ikamathamanga pafupi ndi nthaka, koma amachititsanso kuti isathe kukhota mofulumira ndiponso kuti ifune msewu wautali kwambiri ponyamuka.

Nkhondo imene inapangidwirayo sinachitike. M'malo mwake inatumizidwa ku Vietnam, ndipo apa m'pamene mbiri yake imakhudza mtima. Kuyambira mu March 1965 mpaka chakumapeto kwa 1968, pa ntchito yoponya mabomba kumpoto kwa Vietnam imene inkatchedwa Rolling Thunder, ndege za F-105 zinkanyamuka ku Korat ndi ku Takhli m'dziko la Thailand, kumwetsedwa mafuta zili m'mwamba, n'kulunjika ku milatho, njanji ndi mafakitale a kufupi ndi Hanoi, likulu la kumpoto kwa Vietnam. M'chipinda cha bomba la nyukiliya chija munaikidwa thanki ya mafuta, ndipo mabomba wamba ankapachikidwa kunja, pansi pa mimba ndi pansi pa mapiko. Inkatha kunyamula zida zolemera matani oposa 6, katundu woposa amene ndege yoponya mabomba ya B-17 ya injini zinayi ndi anthu khumi inkanyamula pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. F-105D imene ili ku Dayton ili ndi dzina lakuti Memphis Belle II, potengera B-17 yotchuka yotchedwa Memphis Belle, yomwenso ili pamalo omwewo, choncho mlendo angathe kuyenda wapansi kuchoka pa ina kupita pa inzake n'kudzionera yekha mmene zinthu zinasinthira m'zaka zosakwana 20.

Kusintha ntchito kumeneku kunali ndi mtengo wake. Pa ndege 833 zimene zinapangidwa, 382 zinatayika pa nkhondo imeneyi, ndipo 62 mwa izo zinagwa pa ngozi osati chifukwa cha adani. Ndege imene inayenera kudutsa kamodzi pamalo a adani inkabwerera tsiku ndi tsiku m'njira zofananafanana, kumene mfuti zowombera ndege, mizinga ya SA-2 yoponyedwa kuchokera pansi ndi ndege zankhondo za adani za MiG zinali zitaidikirira kale. Mapaipi a mafuta oyendetsa zowongolera (hydraulic) anali moyandikana, kotero kuti kachitsulo kamodzi kanali kokwanira kuwononga onse pamodzi, ndipo woyendetsa ankatsala ndi ndege yosamvera. Vutoli linachepetsedwa pambuyo pake, koma anthu ambiri anali atafa kale kapena kugwidwa ukaidi. Oyendetsa anaipatsa dzina lakuti Thud, ndipo mtandadza wa mapiri a kumpoto chakumadzulo kwa Hanoi, umene ankautsatira pobisalira radar (makina ozindikira ndege ili patali), anautcha Thud Ridge. Woyendetsa ankayenera kukwanitsa maulendo 100 a kumpoto kwa Vietnam kuti nthawi yake ithe. Kuima pafupi ndi mabomba amene ali m'gawo limeneli kumakumbutsanso munthu kuti pansi pa njira zimenezo panali midzi ndi mizinda, ndipo anthu wamba ambiri a ku Vietnam anafa ndi katundu amene ndegezi zinkanyamula.

Komabe sichingakhale chilungamo kuiweruza ngati ndege yolephera. Ikataya mabomba n'kutsikira pafupi ndi nthaka, panalibe MiG-17 imene ikanatha kuipeza, ndipo thupi lake lolimba linabweretsa kwawo oyendetsa ena ndege ili yobowokabowoka. Mfuti yake ya M61 Vulcan, ya mipope 6 ndi zipolopolo za mamilimita 20, inkalavula zipolopolo 6,000 pa mphindi, ndipo ndi mfuti imeneyi imene inagwetsa zambiri mwa ndege za MiG-17 zoposa 27 zimene F-105 inawerengeredwa. Nyenyezi ziwiri zofiira zimene zajambulidwa m'munsi mwa mpando wa Memphis Belle II zikuimira ndege ziwiri zotero.

F-105G ndi imene inandiimitsa nthawi yaitali. Ndege za anthu awirizi, zodziwika ndi dzina lakuti Wild Weasel, zinkatsogola dala kuti radar ya adani izione, ndipo munthu wa pampando wakumbuyo akazindikira kumene mafunde a radar akuchokera, woyendetsa ankaponyerako mzinga wa Shrike umene unkatsata mafundewo mpaka pagwero lake. Zinali zoyamba kulowa ndiponso zomaliza kutuluka. Oyendetsa ndege Merlyn Dethlefsen ndi Leo Thorsness analandira Medal of Honor, ulemu waukulu koposa wa asilikali a America, chifukwa cha maulendo otere a mu March ndi April 1967, ndipo Thorsness anagwetsedwa patangopita masiku 11 n'kukhala mkaidi kwa zaka pafupifupi 6. Popeza mzinga wa SA-2 ndi MiG-17 zili m'gawo lomwelo, mlendo amaona mlenje ndi nyama yake pamalo amodzi, ngakhale kuti pa nkhondoyo zinali zovuta kunena kuti mlenje ndi uti.

Ndege zomaliza za mtundu umenewu zinapuma ntchito mu 1984, ndipo palibe imene ikuuluka masiku ano, choncho malo ngati amenewa ndi okhawo amene munthu angaionere. Amene akukonzekera ulendowu ndikuwalangiza kuti afike m'mawa, ayambire pa B-17 m'gawo la nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, kenako apite kwa Thunderchief, ndipo apatule maola osachepera awiri a gawo la Vietnam lokha.