Extract kapena chimera chokhachokha: kusiyana kwake kuli mumphika

Amene mukufulula ndi extract musadzione ngati mukubera. Extract ndi madzi otsekemera a chimera cha balere omwe ku fakitale anawaphwetsa mpaka kukhala ngati uchi, kapena ufa. Mumangosungunula, kuwiritsa ndi hops (maluwa opatsa mowa kuwawa ndi fungo) kwa ola limodzi, kuziziritsa, kuthira yisiti. Maola atatu ntchito yatha, ndipo shuga amatuluka wofanana nthawi zonse.

Vuto lake ndi loti zambiri anakusankhirani kale. Mowa ukhale wopepuka kapena wolemera mkamwa, zimenezo zinatha kufakitale. Komanso extract wamadzi akakhalitsa amada, moti mowa womwe mumafuna uoneke ngati golide umatuluka wofiirira. Ine chimenechi ndicho chinandisamutsa.

Ku chimera chokhachokha shuga mumapanga nokha. Pa malita 20 a mowa wa mphamvu ya 5 peresenti pamafunika makilogalamu 4 kapena 5 a chimera chophwanya. Mumachiviika m'madzi otentha kwa ola limodzi, malita pafupifupi 3 pa kilogalamu iliyonse, ndipo ma enzyme a m'chimeramo amasandutsa sitachi kukhala shuga. Apa ndiye pali kukoma kwa ntchitoyi. Mukasunga kutentha pa madigiri 64 a Celsius, ma enzyme otchedwa beta-amylase amapanga shuga amene yisiti imadya pafupifupi yense, mowa n'kutuluka wopepuka. Mukakweza kufika 68 kapena 69, ma enzyme ena otchedwa alpha-amylase ndiwo amatsogola, ndipo mowa umakhala wolemera, wotsekemera pang'ono. Madigiri anayi okha! Tsiku loyamba ndinalawa phalalo ndikuvundula: poyamba linkamveka ufa, patatha mphindi 40 linkamata zala ngati manyuchi. Dontho la ayodini pa kambale silinasandukenso lakuda, kusonyeza kuti sitachi watha.

Koma konzekerani tsiku lathunthu, maola 5 kapena 6 kuphatikiza kutsuka. Pamafunika mphika wa malita oposa 30, moto wamphamvu, themometa yodalirika, ndi njira yoziziritsira msanga madzi ochuluka choncho. Ulendo woyamba shuga amatha kuperewera. Sungani extract wa ufa pang'ono wowonjezerapo.

Musathamangire kugula ziwiya zitatu: chotenthetsera madzi, choviikira chimera ndi chowiritsira. Njira ya thumba, yomwe inatchuka ndi ofulula a ku Australia, imafuna mphika umodzi: chimera chimakhala m'thumba la nsalu yosefera, ola likakwana mumalitukula kuti likhe, madziwo n'kuwawiritsa ndi hops ngati a extract. Thumbalo limalemera ndithu, ndipo limawotcha manja, choncho pezani pokoleka.

Ngati mowa wanu wa extract umasasa kapena kununkha zachilendo, chimera sichidzakuthandizani. Vuto limenelo nthawi zambiri limachokera ku ziwiya zosaphedwa majeremusi kapena yisiti yogwira ntchito potentha kwambiri. Yisiti ya mowa wa mtundu wa ale imafuna madigiri 18 mpaka 20. Konzani zimenezo kaye. Mowa ukatuluka woyera mkamwa maulendo atatu otsatizana, gulani thumbalo.